Chipala cha amalume ndi moyo wa nyenyezi

Amalume anga, alongo awo a mayi, anali osula zitsulo kumudzi kwathu, chakumadzulo kwa phiri la Mulanje, ndipo chipala chawo chinali kachisakasa ka udzu pansi pa mtengo wa mango, kotchingidwa mbali zitatu ndi zidutswa za malata kotero kuti mkati munkakhala kamdima ngakhale masana. Ndili mwana ndinkayesa kuti mdimawo unkabwera chifukwa cha kusowa zomangira zabwino, koma tsiku lina nditawafunsa chifukwa chimene sankasulira pabwalo, pamene panali poyera ndi pa kamphepo, anandiyankha osadzutsa n'komwe mutu kuti, "Padzuwa chitsulo chimanama, mphwanga. Vukuta, usaime." Ntchito yanga inali imeneyo, kuvukuta mvukuto wa chikopa cha mbuzi mpaka mikono kuwawa, iwo akutembenuza ndi mbaniro chidutswa cha sipuling'i ya lole chimene chinkayenera kusanduka nkhwangwa kapena chikwanje.

Mumdima muja chitsulo chinkanenadi zoona. Chikayamba kutentha chinkafiira moderako ngati magazi ouma, kenako chinkafiira ngati khala, kenako chinkafika pa mtundu wa papaya wakupsa, ndipo mvukuto ukalimba chinkapita ku chikasu mpaka kuyera mbee, n'kuyamba kuthetheka, pamene amalume ankandikalipira kuti ndawaonongera chitsulo. Analibe chipangizo choyezera kutentha, koma maso awo ankadziwa mtundu woyenera kumenyera nyundo ndi mtundu woyenera kuviikira m'madzi. Ndinadzaphunzira nditakula kuti kufiira koderako kumatanthauza madigiri pafupifupi 700, chikasu pafupifupi 1,100, kuyera kupitirira 1,300, ndipo chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538. Chimene sindinkadziwa n'chakuti lamulo limene amalume ankagwirira ntchito pansi pa mango paja ndi lomwelo limene asayansi amayezera kutentha kwa nyenyezi zimene munthu sadzazifikako.

Aliyense angathe kudziyesera yekha. M'miyezi ya Disembala mpaka Malichi, mvula ikapereka mpata madzulo, nyenyezi zitatu zondondozana zimene makolo athu anazitcha Akamwiniatsatana zimakhala pamwamba ndithu. Chakumpoto kwake kuli nyenyezi yowala yofiirira, dzina lake Betelgeuse, ndipo chakum'mwera, pa mtunda wofananako, kuli ina yoyera mwabuluu yotchedwa Rigel. Kunja kwa Betelgeuse kumatentha madigiri pafupifupi 3,300, kwa dzuwa lathu pafupifupi 5,500, pamene kwa Rigel kuli m'ma 12,000. Pamipope ya m'mahotela amapaka zofiira kumene kukutuluka madzi otentha ndi buluu kumene kukutuluka ozizira, koma kumwamba n'zosemphana ndi zimenezo, ndipo wosula aliyense angavomereze kuti kufiira ndi poyambira chabe. Mayi wina wa ku America, Annie Jump Cannon, anathera moyo wake pa yunivesite ya Harvard akusanja nyenyezi pafupifupi 350,000 potengera mmene kuwala kwake kumaonekera kukamwazidwa ngati utawaleza, ndipo magulu amene anawakhazikitsa, O, B, A, F, G, K ndi M, kuyambira zotentha kwambiri mpaka zozizirirapo, akugwirabe ntchito lero. Dzuwa lathu lili m'gulu la G.

Fanizo la chipala lili ndi malire ake, chifukwa nyenyezi si moto woyaka monga timaudziwira. Makala amafuna mpweya wa okosijeni, n'chifukwa chake ndinkavukuta, pamene kuthambo kulibe mpweya woterowo woti n'kukolezera. Dzuwa likanakhala mulu wa malasha likanatha m'zaka masauzande owerengeka, koma miyala ya dziko lapansi pamodzi ndi miyala yogwa kuchokera kumwamba imasonyeza kuti lakhala likuwala zaka 4.6 biliyoni. Yankho linabwera pang'onopang'ono. Mu 1920 Arthur Eddington ananena kuti mphamvu ya nyenyezi iyenera kuti imachokera pa kulumikizana kwa maatomu a haidrojeni kupanga heliyamu. Mu 1925 Cecilia Payne, ali mtsikana wa zaka 25, anasonyeza kuti nyenyezi zinapangidwa makamaka ndi haidrojeni ndi heliyamu, ngakhale kuti akuluakulu a nthawiyo anayamba amukayikira, ndipo mu 1939 Hans Bethe analongosola ndondomeko ya mmene kulumikizanako kumachitikira. Pakatikati pa dzuwa, pamene pamatentha madigiri 15 miliyoni, matani pafupifupi 600 miliyoni a haidrojeni amasanduka heliyamu pa sekondi iliyonse, ndipo mwa amenewa matani oposa 4 miliyoni amasanduka mphamvu, imene gawo lake laling'ono limadzafika pa masamba a tiyi a ku Thyolo litayenda makilomita 150 miliyoni m'mphindi 8 ndi masekondi 20.

Choncho nyenyezi ndi mkangano wa mphamvu ziwiri umene sulekeka. Kulemera kwake kumakokera chilichonse mkati kuti chifinyike, pamene kutentha kochokera pakati kumakankhira kunja, ndipo malinga ngati ziwirizi zikulingana nyenyeziyo imawala modekha. Moyo wonse wa nyenyezi, kuyambira kubadwa mpaka imfa, ndi mbiri ya mkangano umenewu.

Kubadwa kwake ndinakuona ndi maso anga, ngati kuona kachifunga kungatchedwe kuona. Chaka china mu Januwale, magetsi atazima dera lonse ndipo mitambo itayera pambuyo pa mvula ya masana, ndinabwereka makina oonera patali a maso awiri kwa mnzanga amene amaperekeza alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula. Ndinagoneka zigongono pa thanki ya madzi kuti manja asanjenjemere, n'kulozetsa pa tinyenyezi titatu tating'ono timene timalendewera chakum'mwera kwa Akamwiniatsatana. Kapakatiko sikanali kadontho ngati tinzake, koma kanali ngati utsi wotumbuluka wokhala ndi timaso towala mkati mwake. Umenewo ndi mtambo wa Orion, wa mpweya ndi fumbi, umene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,350 kuti kutipeze, ndipo mkati mwake mukubadwa nyenyezi mazanamazana. Mitambo yotereyi, m'malo mwake mobisika, imazizira mpaka madigiri 260 kunsi kwa ziro, ndipo kuziziraku n'kofunika, chifukwa mpweya wotentha sulola kusonkhana. Chigawo china cha mtambowo chikalemera mokwanira chimayamba kudzikokera chokha, chimazungulira, chimafinyika, ndipo pofinyikapo chimatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera m'manja ukamapopa tayala. Pakati pakafika madigiri pafupifupi 10 miliyoni, haidrojeni amayamba kulumikizana, kufinyika kumaima, ndipo nyenyezi yabadwa. Kwa nyenyezi ya msinkhu wa dzuwa ulendowu umatenga zaka mamiliyoni makumi angapo. Chigawo chimene kulemera kwake sikufika magawo 8 pa 100 a kulemera kwa dzuwa sichiyaka n'komwe mwa njira imeneyi, chimangofunda kwa kanthawi n'kumazirala.

Nyenyezi sizibadwa imodziimodzi, zimabadwa mbumba. Nsangwe, kagulu kaja kamene kamatuluka kum'mawa madzulo a mu Novembala anthu akudikira mvula yodzalira, ndi ana a mtambo umodzi. Maso abwino amawerengamo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, koma zilimo zoposa 1,000, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 440. Aswahili amakatcha Kilimia ndipo Azulu amati isiLimela, maina onse ochokera ku kulima, kusonyeza kuti kagulu kameneka kakhala kalendala ya khasu kwa anthu ambiri a mbali ino ya Africa. Chimene chinandiimitsa mutu nditachiwerenga ndi msinkhu wake. Nsangwe ili ndi zaka pafupifupi 100 miliyoni, pamene thanthwe la phiri la Mulanje linaundana pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Ndiye kuti mwala umene munthu amaupondera pa Sapitwa, mamita 3,002 pamwamba pa nyanja yamchere, ndi wa msinkhu umodzi ndi nyenyezi zimene akuziyang'ana, mwinanso ndi mkulu wawo pang'ono. Tinazolowera kuganiza kuti zakumwamba ndi zamuyaya ndipo zapansi ndi zadzulo, koma pamenepa phiri ndi nyenyezi ndi a thanga limodzi.

Chimene chimagamula moyo wa nyenyezi ndi kulemera kumene yabadwa nako, ndipo apa maganizo a tsiku ndi tsiku amatisocheretsa. Tingayembekezere kuti yokhala ndi nkhokwe yaikulu ya haidrojeni ikhalitsa kuposa yaing'ono, koma zoona zake n'zosiyana kotheratu. Nyenyezi yolemera imafinya pakati pake mwamphamvu, pakatipo pamatentha koposa, ndipo haidrojeni amatha mofulumira kwambiri kuposa mmene nkhokweyo yakulira. Ndikaganizira zimenezi ndimakumbukira masiku amene amalume ankasula chitsulo chochindikala cha nkhwangwa, pamene ndinkavukuta mosapumira ndipo dengu la makala linkatha dzuwa lisanafike paliwombo, pamene makala ochepa a pambaula ya agogo, ovundikiridwa ndi phulusa, ankafika m'mawa. Nyenyezi yolemera kuwirikiza ka 10 kuposa dzuwa imawala kuwirikiza masauzande, koma imakhala zaka 20 kapena 30 miliyoni zokha. Dzuwa lidzakwanitsa zaka pafupifupi 10 biliyoni, ndipo tsopano lili chapakati pa moyo wake. Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri kupatula dzuwa, imene kuwala kwake kumatipeza m'zaka 4.2, imalemera gawo limodzi mwa magawo 8 a dzuwa, ndi yofiira, siioneka popanda makina, ndipo idzakhala zaka mabiliyoni masauzande. Chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni, kutanthauza kuti pa tinyenyezi tofiira ta mtundu umenewu, timene ndi tochuluka kuposa mtundu wina uliwonse mu Mlalang'amba, palibe ndi kamodzi komwe kamene kanafapo ndi ukalamba.

Kufiira kwa Betelgeuse kuli ndi chifukwa china. Iyo si yaing'ono ayi, koma ndi chimphona chimene chatupa chifukwa haidrojeni wa pakati pake watha. Ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha, ndiye kuti pamene inkabadwa phiri lathu linali kale lakalekale, komabe iyo ndi nkhalamba yotsala pang'ono kutsikira kuli chete. Yakula kotero kuti itaikidwa pamalo pa dzuwa ingameze Mercury, Venus, dziko lathu ndi Mars. Kutentha kwake kwamwazikira pa thupi lalikulu chotero, n'chifukwa chake kunja kwake kwazizirirapo n'kufiira.

Dzuwa nalo lidzatupa, koma imfa yake idzakhala yofatsa. Pakapita zaka pafupifupi 5 biliyoni, haidrojeni wa pakati akadzatha, pakatipo padzafinyika n'kutentha mpaka madigiri 100 miliyoni, pamene heliyamu amayamba kulumikizana kupanga kaboni ndi okosijeni, ndipo kunja kudzafufuma mpaka kumeza Mercury ndi Venus, Nthanda yathu ija, imene kwenikweni si nyenyezi koma dziko lowalitsidwa ndi dzuwa. Pomaliza lidzataya zigawo zake zakunja mlengalenga, n'kutsala chikhatho chotentha cha msinkhu wa dziko lapansi chimene asayansi amachitcha white dwarf. Chitsanzo chili pafupi, chifukwa Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse usiku, imene Akamwiniatsatana amailoza ukatsatira mzere wawo chakum'mwera kwa kum'mawa, ili ndi kamnzake kotere. Friedrich Bessel anazindikira mu 1844 kuti Sirius imayenda mopepeluka ngati pali china chikuikoka, ndipo Alvan Graham Clark anakaona kamnzakeko mu 1862. Kamalemera ngati dzuwa koma kukula kwake n'kwa dziko lapansi. Mu 1930 mnyamata wa ku India wa zaka 19, Subrahmanyan Chandrasekhar, ali m'sitima ya pamadzi kupita ku England, anawerengera kuti zotsala zoterezi zili ndi malire a kulemera, amene lero timawadziwa kuti ndi pafupifupi 1.4 kuwirikiza kulemera kwa dzuwa, ndipo chopyola pamenepo sichingathe kudzichirikiza.

Nyenyezi zolemera kuwirikiza dzuwa ka 8 kapena kuposerapo zimadutsa malirewo, ndipo apa m'pamene chitsulo cha amalume chimalowanso m'nkhaniyi. Heliyamu akatha zimawotcha kaboni, kaboni akatha zimapita ku neon, kenako okosijeni, kenako silikoni, ndipo phulusa la gawo lililonse limasanduka nkhuni za gawo lotsatira, kotero kuti mkati mwake mumasanjikizana ngati anyezi. Gawo lililonse limafupika kuposa linzake: haidrojeni amatenga zaka mamiliyoni, kaboni zaka mazana, okosijeni miyezi, ndipo silikoni masiku owerengeka chabe. Phulusa la silikoni ndi chitsulo, ndipo chitsulo ndi pothera msewu, chifukwa maatomu ake ndi omangika kwambiri kotero kuti kuwalumikiza sikutulutsanso mphamvu koma kumaimeza. Nyenyezi imene yalimbana ndi kulemera kwake zaka mamiliyoni imapezeka kuti ilibenso chokankhira. Pakati pake, pa msinkhu wa dziko lapansi, pamagwera mkati m'nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo zotsatira zake ndi kuphulika kotchedwa supernova, kumene kwa masabata angapo kumawala ngati madzuwa mabiliyoni. Kumeneku ndiye kufa kwa nyenyezi kwenikweni. Zimene timati nyenyezi yathothoka, zimene agogo ankatiletsa kuziloza ndi chala, ndi timiyala chabe, tambiri tosaposa njere ya mapira, topsa mumpweya wa dziko lathu.

Mu 1054 olemba mbiri a ku China analemba za nyenyezi yachilendo imene inaoneka ngakhale masana kwa masiku 23, ndipo pamalo pomwepo lero pali mtambo wa Crab, wokhala ndi chotsala cha nyenyeziyo pakati pake chikuzungulira maulendo 30 pa sekondi. Chotsala choterechi chimatchedwa neutron star, ndipo woyamba kumva kugunda kwa chotsala cha mtundu umenewu pa makina a wailesi anali Jocelyn Bell, wophunzira wa pa Cambridge, mu 1967. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20, kutanthauza kuti chingakwane pa malo amene phiri la Mulanje lakhalapo, koma chimalemera kuposa dzuwa, ndipo supuni imodzi ya tiyi ya thupi lake ingalemere matani oposa biliyoni. Nyenyezi ikakhala yolemera koposa pamenepa, ngakhale zimenezi sizikwanira kuimitsa kugwako, ndipo pamatsala black hole, dzenje limene ngakhale kuwala sikutulukamo. Kuphulika kwina kunaoneka pa 24 Febuluwale 1987, pamene Ian Shelton, ali ku Las Campanas m'dziko la Chile, anaona nyenyezi yatsopano mu Large Magellanic Cloud, kamtambo kotumbuluka kamene kamaoneka chakum'mwera usiku wopanda mwezi. Kuwala kwake kunali kutayenda zaka pafupifupi 168,000, ndipo maola ochepa kusanafike, makina a pansi pa nthaka ku Japan, ku America ndi ku Soviet Union anali atagwira tinthu tating'onoting'ono tosaoneka pafupifupi 25 totchedwa neutrino tochokera pa kugwa kwa pakati pa nyenyeziyo. Zimandiwawa pang'ono kuti kwa miyezi ingapo nyenyezi imeneyo inkaoneka ndi maso kuchokera pabwalo la kwathu, ine ndili kamnyamata kovukuta mvukuto, ndipo panalibe wotiuza kuti tikweze maso.

N'chifukwa chake kumapeto kwa 2019, nditamva kuti Betelgeuse yayamba kuzirala, sindinalole kuti zindipitenso. Usiku uliwonse umene mitambo inkang'ambika ndinkatuluka ndi chikho cha tiyi kukaiyerekeza ndi Rigel ndi nyenyezi ina yofiirira yotchedwa Aldebaran, mpaka mayi a kunyumba anafika pondifunsa kuti, "Kodi bambo, kunjako mwasiyako chiyani?" Pofika Febuluwale 2020 inali itatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake kwa masiku onse, moti Akamwiniatsatana ankaoneka ngati ataya mnzawo wa kumpoto. Ambiri ankayembekezera kuphulika, koma pofika mu Epulo inali itabwerera mwakale, ndipo kunadzadziwika kuti inalavula mpweya wochuluka umene unazizira n'kusanduka fumbi lotiphimbira kuwala kwake. Idzaphulika ndithu, nthawi ina mkati mwa zaka 100,000 zikubwerazi, ndipo idzawala ngati mwezi wa theka, kuoneka ngakhale masana, popanda kutivulaza chifukwa ili kutali, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 500.

Zimene nyenyezi yakufa imamwaza zimasakanikirana ndi mitambo ina, n'kulowa m'nyenyezi za m'badwo wotsatira ndi m'maiko ozizungulira. Mu 1957 Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle anasonyeza mwatsatanetsatane mmene pafupifupi maatomu onse olemera kuposa heliyamu amapangidwira m'nyenyezi. Chitsulo chochuluka chimachokera ku kuphulika kwa zimphona zija, ndiponso ku white dwarf imene yaba mpweya wa nyenyezi inzake mpaka kuyandikira malire a Chandrasekhar n'kuphulika yonse. Golide ali ndi njira yakeyake, ndipo pa 17 Ogasiti 2017 asayansi anaona kugundana kwa ma neutron star awiri kumene kunasonyeza kuti zitsulo zolemera zamtunduwu zimapangidwa pa ngozi zoterezi. Amalume ankati makolo awo sankadalira masipuling'i a malole, ankasungunula okha nthale mu ng'anjo zadothi, ndipo kwa iwo chiyambi cha chitsulo chinali pamenepo, m'nthaka. Kufiira kwa dothi la m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi dzimbiri la chitsulo chomwecho, chimene chinali kale chakale dzuwa lisanayake.

Amalume anatisiya zaka zambiri zapitazo ndipo chisakasa chija chinagwa, koma mango alipobe. Mwezi wa Julayi wapitawu, chiperoni chitatitsekera m'nyumba masiku atatu kenako n'kuyera, ndinapeza adzukulu awiri a achemwali anga atagwada pamalo pamene panali chipala, akukoka maginito a sipika ya wailesi yakufa pa chingwe. Atawadzutsa anali atamera tsitsi lakuda la tizinyenyeswa timene tinkathothoka pa chitsulo chofiira nyundo ikagunda. Wamkuluyo anatipukutira m'chikhatho changa n'kundifunsa kuti, "Agogo, timeneti tinachokera kuti?" Ndinamuuza kuti adikire kude, ndipo madzulo ake, atavala majuzi, ndinawalozera Antares, nyenyezi ina yofiira yotupa imene inali pamwamba pa mutu wathu, n'kuyamba kuwafotokozera za mvukuto.